Diso la Hazel

Blantyre
9 Meyi 1998

Achemwali anga a Enid,

Moni kuchokera kuno ku tauni. Muli bwanji inu, alamu a Amosi ndi ana? Nanga abambo, chifuwa chija chinasiya? Ine ndili bwino, kungoti miyendo yatupa ndi kudumpha.

Achemwali, tapambana! Ine ndi Hazel tatenga chikho cha badiminitoni cha dziko lonse, mbali ya atsikana osewera awiriawiri. Mu fainolo tinakumana ndi amayi awiri a ku Lilongwe amene akhala akutenga chikhochi zaka zinayi zotsatizana. Tinawakwapula 15 kwa 9, kenako 15 kwa 12. Hazel amaima pafupi ndi neti, ine kumbuyo. Iye amawavutitsa mpaka aikweze shato m'mwamba, kampira kanthenga kaja, ine n'kuitsitsa ndi mphamvu zanga zonse. Kumenya kumeneko timakutcha simashi. Pabwalo sitiyankhulana n'komwe, ndimangoona phewa lake n'kudziwa kumene akulowera.

Atolankhani anadabwa kumva kuti wina ndi mwana wa bwana Douglas, mmodzi wa mamanejala a esiteti ya Nakhwiri, wina ndi mwana wa a Goodson, amene amasesa m'holo ya kilabu ya mabwana. Hazel anawayankha kuti, "Pabwalo palibe mwana wa bwana." Muwauze abambo mawu amenewa. Muwauzenso kuti zaka zonse zija ankandilowetsa m'holo mabwana akapita ku ntchito sizinapite pachabe.

Nkhani ina ndi iyi: atisankha kuti tikaimire Malawi ku Harare mu Ogasiti. Pakufunika pasipoti. Chonde nditumizireni khadi langa la ubatizo, lili m'Baibulo la malemu amayi.

Ndine mng'ono wanu,
Tamando


Nakhwiri, Thyolo
24 Meyi 1998

Mng'ono wanga Tamando,

Tonse tili bwino. Kalata yako ndinawawerengera abambo katatu, kachinayi anailanda n'kuiika m'thumba la jekete yawo ya kutchalitchi. Akulu a mpingo anzawo onse aiona. Kumunda kapitawo akundiitana kuti "achemwali a ngwazi", koma dengu ndi lomwe lija, tiyi ndikutchola chimodzimodzi.

Khadi ndi ili. Usalitaye.

Lamlungu kwa bwana Douglas kunali alendo a ku Blantyre, anabwera ndi Hazel. Betty, wophika kumeneko, akuti ndi wapampando wa komiti yanu yamasewerayo ndi mwana wake wamkazi, dzina lake Stacy. Atadya, atsikana awiriwo anapita kukasewera m'holo, abambo ndi amene anawatsegulira. Abambo akuti Stacyyo amagwira raketi ngati chipande. Tinaseka mpaka misozi. Iwe umamudziwa?

Ukapita ku Harareko undibweretsere nsalu, osati maswiti.

Mchemwali wako,
Enid


Nakhwiri, Thyolo
18 Ogasiti 1998

Tamando,

Moni sindikupatsa mpaka undiyankhe. Kodi n'zoona kuti uli ndi pakati?

Esiteti yonse ikuyankhula za iwe, kuyambira kufakitale mpaka kumalaini a antchito. Nkhani yachokera kunyumba kwa bwana. Akuti n'chifukwa chake akusiya pa ulendo wa ku Harare. Akuluakulu a mpingo anawaitana abambo, awauza kuti ayambe apuma pa udindo mpaka zinthu zimveke. Abambo sakudya. Dzulo kumunda mayi wina anandifunsa ngati ngwazi izisewera mwana ali kumsana. Ndinamukhuthulira dengu lonse kumutu, kapitawo wandipatsa chenjezo.

Ngati n'zoona, undiuze dzina la mwamunayo. Ngati ukuopa, bwera, sitikupha. Koma kukhala chete kumeneku ayi.

Enid


Blantyre
26 Ogasiti 1998

Achemwali,

Kalata yanu yandipeza nditakhala masiku ambiri osatuluka m'chipinda. Ndilibe pakati. Sindinakhalepo ndi pakati. Inunso mwakhulupirira?

Tsiku lonyamuka ndinafika kudepoti ndi chikwama changa. Mlembi wa komiti anandikokera pambali.

"Tamando, sungapite. Munthu wa mmene uliri akagwa pabwalo mlandu ukhala wathu."

"Mmene ndiliri bwanji?"

"Mnzako watiuza zonse. Akuti unamuululira wekha, miyezi itatu."

Ndinati tiyeni kuchipatala pompano akandiyeze. Anati nthawi yatha, dzina linasinthidwa kale. Nditayang'ana m'basi ndinaona Stacy atakhala, atavala jekete yolembedwa Malawi imene telala anandiyeza ine.

Ndinapita pawindo la Hazel. Ndinati, "Hazel, tandiyang'ana." Anayang'ana maondo ake. Ndinamenya galasi ndi chikhatho mpaka anatsegula pang'ono. Mukudziwa zimene ananena? Anati, "Mpikisano wina udzabwera, Tamando. Usakulitse nkhani."

Zaka zisanu ndi ziwiri, achemwali. Tadyera mbale imodzi, tagona bedi limodzi m'maulendo. Akadwala malungo ndinkamuchapira ndine. Akanangonena kuti akufuna kusewera ndi mwana wa wapampando ndikanalira n'kuiwala. Koma anasankha bodza loti ndisathe kukweza mutu.

M'mawa mwake ndinapita kuchipatala. Pepala la dokotala ndi ili, muwapatse abambo.

Ku Harare anawachotsa tsiku loyamba, 15 kwa 2 ndi 15 kwa 3. Anthu akuti ndikondwe. Sindikukondwa. Kugonja n'kochepa kwambiri kwa munthu ngati ameneyo.

Tamando


Nakhwiri, Thyolo
20 Sepitembala 1998

Mng'ono wanga,

Undikhululukire. Ndinalemba ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndinaulozera kolakwika.

Khala pansi uwerenge. Abambo atalandira pepala lija anavala jekete, Loweruka masana, n'kupita kukilabu. Mabwana anali pakhonde akumwa tiyi ndi akazi awo. Abambo anaika pepala patebulo, pakati pa makapu.

"Bwana, mwana wanu wanamizira mwana wanga. Umboni ndi uwu. Abwere kutchalitchi akanene yekha kuti ananama."

Bwana Douglas sanaligwire n'komwe. Anati, "A Goodson, za ana zisiyeni kwa ana. Taonani pansi apa patayika tiyi, tengani chikolopa."

Apo abambo anataya Chichewa, anayamba Chilomwe, ndipo ukudziwa iwe kuti akafika pamenepo sabwezeka. Alonda anawatulutsa atawagwira m'khwapa.

Lolemba kalata inatuluka. Mlandu wake, akuti akhala akulowetsa munthu wosayenera m'holo kwa zaka zambiri. Munthu wosayenerayo ndi iwe, amene chikho chako chili pashelefu m'kilabu momwemo. Anawapatsa masiku asanu ndi awiri kuti atuluke m'nyumba. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za ntchito zinakwana pamatola imodzi. Tawasiya kumudzi ku Changata, m'kanyumba ka malemu amalume. Pobwerera ndinawacheuka, anali akulira mokweza ngati wamasiye.

Ampingo anawerenga pepala lako, anati abwerere paudindo, koma munthu wachoka kale. Ndipo kumalaini nkhani yasintha. Tsopano akuti unachotsa.

Usabwere kuno. Koma usasiye kusewera, wamva? Ndikufuna tsiku lina mtsikana ameneyo adzalire pagulu monga analirira abambo.

Enid


Durban
7 Novembala 1999

Okondedwa achemwali,

Ndikudziwa mwanditukwana kokwanira chifukwa chokhala chete chaka chonse. Ndinalibe chabwino cholemba. Muli bwanji nonse? Abambo akupeza bwanji ku Changata?

Ndili ku South Africa. Ku Blantyre palibe amene ankafuna kusewera nane, onse amaopa wapampando. Ndiye ndinalembera a Keith, mphunzitsi wa kuno amene anandionapo akubwera ndi timu yake kwathu. Anayankha mawu ochepa: "Ukafika, ndikuyesa." Ndinakwera basi masiku atatu. Anandiyesa mphindi khumi basi n'kundipatsa malo. Masana ndimaluka zingwe za maraketi m'shopu yawo, Loweruka ndimasewerera kilabu yawo mu ligi. Kuno kusewera ndi ntchito, munthu amadya nako.

Andipatsa mnzanga watsopano, Kate. Ndi wamanzere, wamfupi, wosachedwa kuseka. Tasewera magemu khumi ndi anayi, tagonja awiri. Ndi munthu wabwino, koma sindimuuza za mumtima. Ndinaphunzira.

M'mawa uliwonse ndimamenya masimashi mazana atatu. Phewa likayamba kuyaka, a Keith amati basi, ine ndimapitiriza. Amadabwa kumene ndimatenga mphamvu. Ine ndimangoona nkhope ija pawindo la basi.

Mu phukusili muli bulangete la abambo ndi nsalu yanu ija. Mundilembere zonse za Hazel. Akusewera ndi yani? Wanenepa? Amaseka? Musasiye kanthu.

Wanu,
Tamando


Nakhwiri, Thyolo
20 Febuluwale 2002

Tamando,

Iyi ndi kalata yachitatu osayankhidwa. Sindikudziwa ngati uli moyo kapena wangotikana.

Abambo anatisiya pa 11. Tinawaika pa 13 ku Changata. Njala ya chaka chino ukuimva pawailesi, ife tikuiona ndi maso. Ndinkawatumizira chimene ndapeza, koma chifuwa chinapeza thupi lopanda kanthu. Akanakhala kuno akanalandira phoso la esiteti, kiliniki ikanakhala pafupi. Masiku omaliza ankangofunsa ngati kwabwera kalata ya ku Joni. Ndinawanamiza, ndinatenga kalata yako yakale n'kumawerenga zopeka.

Bwana Douglas, amene tsopano ndi mkulu wa esiteti yonse, anatumiza thumba la ufa ndi masamba a tiyi kumaliro. Ndinauza dalaivala abwerere nazo. Anthu anandidandaulira, ena anali asanadye masiku awiri. Ndinati adye mkwiyo wanga, ufa umenewo sulowa pakhomo pano.

Unkafuna za Hazel. Akusewerabe ndi Stacy, chithunzi chake chimatuluka m'nyuzi. Wapeza mwamuna, akauntanti wa kufakitale, dzina lake Dave. Inde, amaseka.

Enid


Durban
16 Juni 2002

Achemwali,

Makalata anu atatu andipeza dzulo, onse pamodzi. Ndinasamuka mu Novembala, ndipo mwini nyumba yakale anangowaponya m'kabati. Adiresi yatsopano ndinakulemberani, ndiye kuti nayonso inasochera.

Ndayang'ana pa kalendala. Pa 11 Febuluwale ndinali pa ulendo wochokera ku Cape Town, titatenga chikho ine ndi Kate. Tinkaimba m'galimoto. Pa 13, inu mukuponya dothi, ine ndinali kugula nsapato.

Sindikulira, misozi ikukana. A Keith anati ndipume sabata, ine m'mawa uno ndinali pabwalo.

Tsopano tili pa nambala yachiwiri kuno, ndipo tayamba kupita ku mipikisano ya mayiko, kumene aliyense amalowa ndi mnzake amene wafuna. A Malawi amabwerako nthawi zina. Mayina akatuluka ndimayamba kufufuza lake ndisanaone langa. Tidzakumana, achemwali. Mukapita kumanda muwauze abambo choncho.

Tamando


Gaborone
3 Okutobala 2004

Achemwali anga,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Itanani alamu, muwerengere limodzi. Zachitika.

Tinakumana nawo dzulo masana mu semifainolo. Tisanayambe, Hazel anabwera pa neti akumwetulira, atatambasula dzanja. "Tamando! Wasintha bwanji!" Ndinagwira dzanja la Stacy, lake ndinalidutsa.

Kate ndinamuuza chinthu chimodzi chokha: chilichonse tilozetse kwa wamtaliyo, Hazel. Ndimamudziwa Hazel kuposa mayi ake. Ndimadziwa kuti shato ikabwera m'chiuno chakumanja amachedwa, ndipo akalakwitsa kawiri amayamba kuluma mlomo. Gemu yoyamba inatha 15 kwa 1. Anthu anayamba kuseka. Stacy anayamba kumukalipira pagulu. Ndinkaganiza kuti mtima wanga ukhala pansi, koma ayi. Ndinaona kuti akatuluka pano akasamba, akadya, akakwera ndege, bambo ake akamulandira ndi galimoto. Basi.

Gemu yachiwiri tinali pa 13 kwa 2. Stacy anaikweza shato moperewera, inabwera pamwamba panga ndili pafupi kwambiri ndi neti. Mbali yonse yakumanzere inali yopanda munthu, ndikanangoigwetsa pamenepo ngakhale ndi chala. Hazel anali patsogolo panga penipeni, raketi ili pansi, nkhope ili poyera. Tinayang'anana. Sanandiyang'ane pabasi paja, koma dzulo anandiyang'ana.

Ndinadumpha n'kumenya ndi zonse zimene ndasunga zaka zisanu ndi chimodzi.

Inamupeza m'diso lakumanja. Kanthu kanthenga, achemwali, koma mutu wake ndi wolimba, ndipo ikachoka pa raketi yanga imathamanga kuposa galimoto. Anagwa chagada. Kulira kwake kunamveka holo yonse, kulira kwenikweni, kokuwa. Magazi anatsika m'zala zake mpaka pamalaya olembedwa Malawi. Anamunyamula pamachira.

Woyimbira ndi akuluakulu a mpikisano anandifunsa. Ndinati shato inatsetsereka. Alemba kuti inali ngozi, poti zimachitika m'masewera a awiriawiri.

Lero tasewera fainolo, tagonja. Kate sanandiyankhule tsiku lonse, sindikudziwa chamuvuta. Ine ndadya bwino, ndipo mtima wanga ndi wopepuka ngati shato imene. Munapempha kuti adzalire pagulu. Walira.

Mng'ono wanu,
Tamando


Nakhwiri, Thyolo
21 Okutobala 2004

Tamando mwana wa amayi,

Kalata yako ndinaiwerenga nditatseka chitseko, kenako ndinavina ndekha mpaka ana anaganiza kuti ndapenga. Alamu ako sanavine. Anangoti, "Mmm, izi zitipeza." Ndinawatcha amantha. Betty akuti kwa bwana kuli ngati maliro, diso silikuona, akupita naye kwa madokotala a kunja. Kalatayo ndaiotcha monga munthu wanzeru.

12 Disembala

Sindinaitumize kalatayi, ndipo tsopano ndikuimalizira ku Changata.

Zatipeza. Alamu ako anawachotsa pa thirakitala, akuti anafika mochedwa ndi masamba kufakitale, munthu amene sanachedwepo zaka khumi ndi zisanu. Sabata yomweyo kapitawo anandiuza kuti dzina langa mulibe m'gulu la otchola. Anachita kuyang'ana kumbali ponena. Nyumba atilanda. Tili m'kanyumba kamene anafera abambo, anthu asanu, denga likudontha. Ana asiya sukulu. Alamu ako ayesa maesiteti ena atatu, koma mabwana amadyera limodzi, akangomva dzina amati malo palibe. Tsopano akuti apita ku Mozambique kwa abale awo, ndipo mmene akunenera sindikumva kuti adzabwerera. Sandiyankhula, amangoyankhula ndi ana.

Ndinakutuma ndine, sindikukana. Koma iwe unamenya uli kutali, n'kukadya bwino. Ife ndi amene tili pafupi ndi dzanja la bwana. Uganizepo.

Enid


Durban
6 Malichi 2005

Achemwali,

Moni kwa inu ndi ana. Alamu asapite. Muwagwire mwendo ngati n'kotheka, adikire mwezi umodzi.

Kate anandisiya titangobwerera. Anati, "Ndinali kumbuyo kwako, ndinaona malo opanda munthu, ndinaonanso kumene unaloza. Sindinena kwa aliyense, koma sindingaimenso patsogolo pa raketi yako." A Keith anandipezera wina, mtsikana wamphamvu, ndipo tinali titayamba kuzolowerana. Mu Meyi timayenera kupita ku Mauritius.

Lachinayi kushopu kunabwera mwamuna wovala tayi, n'kundipatsa moni m'Chichewa. Anali Dave, mwamuna wa Hazel. Anati mkazi wake ali m'chipatala konkuno ku Durban, opaleshoni yachitatu yalephera, ndipo akufuna kundiona. Ndinapita, ndinkafuna ndione ntchito yanga.

Ndinamupeza atakhala pabedi, theka la nkhope lili m'bandeji. Waonda. Anamuuza Dave atuluke.

"Alichotsa," anatero. "Adzandiika lagalasi."

Ndinakhala pampando pafupi ndi bedi, iye n'kupitiriza.

"Aliyense akuti inali ngozi. Amayi akuti ngozi, Dave akuti ngozi, abusa akuti ndikhululukire ngozi. Ndatsala pang'ono kupenga. Ine ndinakuona, Tamando. Unachita dala?"

"Dala."

Anapuma ngati munthu amene watula mtolo. Kenako anati, "Ulembe. Ndi dzanja lako, usayine, kalata ipite kwa akuluakulu a masewera."

"Andiletsa kusewera."

"Ndikudziwa. Inenso sindidzaseweranso."

Ndinaseka, ndinanyamuka. Ndili pakhomo anati, "Achemwali ako ali ndi ana atatu, eti? Ndikangonena mawu amodzi kwa adadi, a Amosi abwerera pa thirakitala, nyumba abwezeredwa. Ndikapanda kunena, palibe esiteti ya ku Thyolo kapena ku Mulanje imene idzawalembe."

Ndinabwerera. Ndinati, "Nanga iwe ulemba zako? Ulemba kuti unanama, kuti bodza lako linapha abambo anga?"

Analoza bandeji. "Ine ndalipira kale."

Achemwali, ndinafuna kumuchotsa linalo. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ino ndiyo nthawi imene wosewera amafika pachimake, ndipo palibe china chimene ndimadziwa padziko pano. Koma ndinaona ana anu pansi pa denga lodontha lija.

Ndinamuuza kuti ayambe ndi iye. Anaimba foni kwa bambo ake ine ndili pomwepo, ndinamva ndi makutu anga akuvomera. Ndiye ndinatenga pepala la nesi n'kulemba mizere itatu: kuti ine Tamando, mwana wa a Goodson, ndinamenya Hazel m'diso mwadala, ndinaona pomenya pena koma ndinasankha nkhope yake. Mawu oti pepani anawafuna. Ndinati amenewo ngakhale andidule dzanja.

A Keith atamva anakhala pansi n'kugwira mutu. Akuti chiletso sichingachepere zaka zisanu. Ndikhoza kupitiriza kuluka zingwe m'shopu ngati ndikufuna.

Mundiuze ngati asunga lonjezo.

Tamando


Nakhwiri, Thyolo
17 Epulo 2005

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ona pamwamba pa kalatayi uone kumene ndikulembera. Tabwerera. Alamu ako anayamba ntchito Lolemba lapitalo, ine ndili m'gulu langa lakale, ana apita kusukulu. Nyumba atipatsa ina, ya kumapeto kwa laini, koma siidontha. Alamu ako akuti ndikuuze kuti alibe mawu. Ukuwadziwa, pamenepo ndiye kuti anena zambiri.

Ndamva kuti akuletsa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira ndekha. Ndinakukankhira ndine kumeneku, kawiri konse, ndipo ndidzafa nazo.

Koma tamva zimene zachitika kuno.

Bwana Douglas anaona kuti kutibwezera ntchito chabe n'kutipatsa ulemu. Ndiye anajambulitsa kalata yako ija, n'kuimata pa geti la fakitale, pomwe timadutsa tonse popita kusikelo. Analamula a Fackson, kalaliki, kuti aiwerenge mokweza m'Chichewa kuti aliyense adziwe mtundu wa banja lathu. Linali Lachitatu masana, otchola tonse tili pamzere ndi madengu, mwina anthu mazana atatu. Bwana anaima pakhonde la ofesi atapinda manja. Ine ndinafuna nthaka inditsegukire.

A Fackson anawerenga. Kenako a Marita, mayi wachikulire uja amene anayamba kutchola iwe usanabadwe, anatula dengu n'kufunsa, "A kalaliki, mwati chiyani pamenepo? Ngozi?"

"Ayi mayi, akuti dala."

"Mwana wa a Goodson? Amene ankasesa m'holo?"

"Yemweyo."

"Tabwerezani."

Anabwereza. A Marita anaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu. Wina anayankha kumbuyo, kenako mzere wonse. Tamando, sindinamvepo phokoso lotero, ngakhale paukwati. Amuna a m'fakitale anatuluka kudzaona. Mayi uja ndinamukhuthulira tiyi kumutu anabwera kudzandikumbatira. Aliyense pamzere paja ali ndi wake amene anatulutsidwa m'nyumba ndi masiku asanu ndi awiri, ndipo palibe anabwezapo ngakhale kamodzi. Kapitawo ankakuwa kuti tikhale chete, koma ndinamuona akubisa mano. Nditayang'ana pakhonde, bwana anali atalowa, chitseko chatsekedwa.

M'mawa mwake anatuma mlonda kuti akalichotse pepalalo. Anapeza palibe. Lili ndi ine, ndalikulunga m'pulasitiki.

Hazel anabwera sabata yatha. Ndinamuona m'galimoto atavala magalasi akuda, akuyang'ana kutsogolo. Sindinamve chisoni, sindinamvenso kukoma. Abambo sadzuka, iwenso raketi akulanda. Sindikuuza kuti usalire.

Koma zingwe za anthu ena usalukenso, bwera kwanu. Ukwere minibasi ya ku Limbe ya m'mawa, utsike pa geti la fakitale nthawi ya sikelo. Usavale chipewa, anthu akuone nkhope. A Marita akuti sakufuna kufa asanagwire dzanja limenelo.

Ndine mchemwali wako,
Enid